KUSANKHA ZOVALA ZA KUMWEZI: ZOCHAPA KAPENA ZOTAYA?

Malonje

Pa misonkhano ngati uno timakambirana za nkhokwe, za mitengo, za mijigo ndi za chisankho. Lero tabwera ndi nkhani imene ambirife timaikamba monong'ona, mwinanso sitiikamba konse. Nkhaniyi ndi ya msambo, makamaka zimene amayi ndi atsikana amavala akakhala kumwezi.

Tikudziwa kuti pa chikhalidwe chathu nkhani yotere ndi ya kuchipinda ndi kwa anankungwi. Tikupempha akuluakulu kuti mutilole tiitulutse pabwalo. Sitiulula za kuchinamwali ayi. Tikamba za ndalama za pakhomo, za ukhondo, za zimbudzi ndi za sukulu, ndipo zinthu zimenezi nza tonsefe. Abambo, musatuluke. Sopo amene agwire ntchito m'nkhaniyi mugula ndinu.

Mfundo yathu ndi imodzi. Chovala cha kumwezi chimene chimachapidwa nkugwiranso ntchito chimapulumutsa ndalama ndiponso chimachepetsa zinyalala. Koma chimakhala chabwino pokhapokha ngati mwini wake ali ndi madzi, sopo, dzuwa ndi malo oduka mphepo. Wosankha ndi mayi kapena mtsikana mwini. Kumupezera zinthu zinayizi ndi udindo wa banja, wa sukulu ndi wa mudzi.

Tiyambe ndi samu

Atsikana ambiri amatha msinkhu ali ndi zaka zapakati pa 11 ndi 15, ndipo amayi ambiri amasiya kusamba ali ndi zaka zapakati pa 45 ndi 55. Motero mayi amasamba kwa zaka pafupifupi 40 za moyo wake. Msambo umabwera pakapita masiku 21 mpaka 35, ndipo umatenga masiku awiri mpaka 7. Umu ndi m'mene thupi la mayi linapangidwira. Si matenda, si tsoka, si chilango.

Tsono tiyeni tiwerengere limodzi. Tiyerekeze kuti mayi akugwiritsa ntchito mapadi a m'sitolo, aja ovala kamodzi nkutaya. Akamasintha kanayi pa tsiku kwa masiku 5, ndiye kuti mapadi 20 atha pa msambo umodzi. Pa chaka msambo umabwera pafupifupi ka 13, kotero mapadi afika 260. Pa zaka 38 afika pafupifupi 10,000. Ameneyo ndi munthu mmodzi. Pakhomo pamene pali mayi ndi ana aakazi atatu otha msinkhu pafunika mapadi 80 mwezi uliwonse. Pa sukulu yogonera pompo ya atsikana 300 pangatuluke mapadi otha ntchito 6,000 pa mwezi.

Aliyense apite pa golosale ya kwawo, afunse mtengo wa paketi imodzi, achulukitse yekha. Adzaona kuti ndalama imeneyi imalimbana ndi ya mchere, ya chigayo ndi ya makope. M'chaka cha 2022 boma la Malawi linachotsa msonkho wina pa mapadi kuti mtengo utsike. Koma m'mwezi wa May chaka chomwecho kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Katundu wochokera kunja, kapena wopangidwa ndi zipangizo zochokera kunja, amakwera mtengo kwacha ikagwa. Zimene msonkho unabweza m'thumba, kugwa kwa kwacha kunatenganso.

Ndalama ikasowa, mtsikana amachita chimodzi mwa zitatu. Amavala padi mmodzi tsiku lonse mpaka anyuke pakhungu. Kapena amakhala pakhomo osapita kusukulu poopa kuthimbirira kwa yunifolomu ndi kuseka kwa anyamata. Kapena amalandira ndalama kwa mwamuna amene pambuyo pake adzafuna malipiro ake. Chachitatuchi nchimene chatikakamiza kuti tilankhule poyera.

Kodi zotaya zimapita kuti?

Padi wa m'sitolo amaoneka ngati thonje, koma mbali yaikulu ndi pulasitiki. Kunsi kwake kuli pulasitiki yotchinga kuti magazi asadutse. Pali guluu womatira ku panti. Pali kapepala kokulungira, nakonso ka pulasitiki. M'kati mwa mapadi ambiri muli ufa umene umamwa madzi nkufufuma. Zonsezi siziola ngati m'mene imaolera nsalu ya thonje kapena masamba. Zimakhala m'nthaka zaka zambirimbiri.

Tikaponya m'chimbudzi chokumba, zoipa zina zimaola ndi kuphwera, koma mapadi amangounjikana. Chimbudzi chimadzaza msanga, ndipo sukulu imayamba kusonkhetsa makolo njerwa ndi mchenga kuti akumbe china. Tikaponya m'chimbudzi cha madzi, padi amafufuma nkutseka paipi. Tikataya kudzala, agalu ndi nkhumba zimafukula nkumwaza pabwalo, ndipo mwini wake amachita manyazi aakulu. Tikaotcha pamoto wapansi, pulasitiki yonyowa siipsa bwino, imangofuka utsi woipa umene timapuma ife tomwe ndi ana athu.

Dziko lathu linazindikira kale vuto la pulasitiki. M'chaka cha 2015 boma linaletsa majumbo opyapyala, ndipo m'chaka cha 2019 khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho. M'chaka chomwecho cha 2015 Papa Francis analemba kalata ya Laudato Si' yokamba za kusamala dziko, m'mene anadzudzula khalidwe logwiritsa ntchito chinthu kamodzi nkutaya. Majumbo timawaona chifukwa amauluka m'misewu. Mapadi sitiwaona chifukwa amatayidwa mobisa, koma pulasitiki yake ndi yomweyo.

Sitikunena izi pofuna kuimba mlandu amayi. Palibe mayi amene analakwa pogula padi. Tikungofuna kuti posankha, munthu adziwe mtengo wonse wa chinthu: wa pogula ndi wa potaya.

Njira zimene zilipo

1. Nyanda

Agogo athu ndi amayi athu anakula ndi nyanda, kansalu kong'ambidwa ku chitenje chakale. Tisainyoze. Nyanda siifuna ndalama zambiri ndipo siidzaza chimbudzi. Ikakhala ya thonje, yofewa, yochapidwa bwino ndi youma, imagwira ntchito. Mavuto ake ndi awiri. Choyamba, imasuntha munthu akamayenda mtunda wautali kapena akamasewera, ndipo ilibe chotchinga kunsi. Chachiwiri, ndipo ili ndiye vuto lalikulu, ambiri amaiyanika mobisa: kunsi kwa mphasa, kuseri kwa chitseko, kudenga la nyumba. Nsalu imene sinaume bwino imachita nkhungu, imanunkha, ndipo imayambitsa kuyabwa ndi zilonda.

2. Padi wochapa

Ameneyu ndi nyanda imene yakonzedwa bwino. Amasokedwa ndi nsalu zitatu. Pamwamba, pokhudza thupi, pamakhala nsalu yofewa ya thonje. Pakati pamakhala nsalu yomwa madzi, monga ya thaulo, yopindidwa kawiri kapena katatu. Kunsi kumakhala nsalu yosalowa madzi. M'mbali muli timapiko tiwiri tokhala ndi batani, timene timakulunga panti kuti padi asasunthe.

Mapadi otere amagulitsidwa osokasoka. Ku Uganda kuli kampani ya AFRIpads imene yakhala ikuwapanga kuyambira cha m'ma 2010, ndipo kuno kwathu magulu a amayi a m'sukulu zambiri amawasoka pa makina kapena pamanja. Telala wa pamsika akaona chitsanzo kamodzi akhoza kusoka. Ngakhale singano ndi ulusi zikwanira. Amene sangapeze nsalu yosalowa madzi akhoza kudula ya ambulera yothyoka, atayamba waichapa bwino.

Padi wochapa akasamalidwa amatha chaka kapena kupitirira. Munthu mmodzi afunika mapadi 6 kapena 8, kuti ena akakhala pachingwe ena akhale pathupi ndi m'chikwama. Nthawi ya dzinja afunika ochulukirapo chifukwa sauma msanga. Yerekezani mapadi 8 amenewa ndi 260 aja a pa chaka.

Pali chinthu chimodzi chimene ambiri amaiwala. Padi aliyense, wochapa kapena wotaya, amafuna panti wogwira bwino. Kupatsa mwana mapadi pamene alibe panti nkumupatsa khasu lopanda mpini.

3. Panti wa kumwezi

Masiku ano kuli mapanti osokedwa mwapadera, okhala ndi nsalu yomwa magazi m'kati mwake momwemo. Amavalidwa ngati panti wamba ndipo amachapidwa ngati padi wochapa. Ndi osavuta kwa mwana amene wangotha msinkhu kumene. Koma mtengo wake ndi wokwera, amachedwa kuuma, ndipo posintha munthu ayenera kuvula chovala chonse, zimene zimavuta pa sukulu yopanda chipinda chosinthira.

4. Kapu ya kumwezi

Ichi nchachilendo kwa ambirife, ngakhale kuti sichatsopano. Mayi wina wa ku America, Leona Chalmers, analembetsa kapu yotere m'chaka cha 1937. Za masiku ano zimapangidwa ndi silikoni, chinthu chofewa ngati labala chimene achipatala amagwiritsanso ntchito. Kukula kwake nkochepera kapu ya tiyi kutalitali, ndipo imaoneka ngati kabelu. Mayi amaipinda nkuilowetsa m'njira yoberekera. M'katimo imatambasuka nkumalandira magazi m'malo mowamwa. Ikadzaza amaitulutsa, kukhuthula m'chimbudzi, kutsuka ndi madzi oyera, nkuibwezera. Isakhale m'thupi kupitirira maola 12, ndipo masiku amene magazi achuluka ikhuthulidwe pafupipafupi. Msambo ukatha, iwiritsidwe m'madzi kwa mphindi 5 mpaka 10 m'kapoto kakekake, kenaka isungidwe m'kathumba ka nsalu.

Kapu imodzi ikasamalidwa ikhoza kutha zaka zofika 10. Imafuna madzi ochepa kusiyana ndi ochapira nsalu, ndipo siifuna kuyanika. M'chaka cha 2019 magazini ya zaumoyo ya The Lancet Public Health inasonkhanitsa kafukufuku 43 wochokera m'maiko osiyanasiyana, olemera ndi osauka omwe, wokhudza amayi ndi atsikana oposa 3,000. Anapeza kuti kapu siidontha kuposa mapadi, ndipo siionjezera matenda a m'njira yoberekera. Mwa amene anafunsidwa atayesa, pafupifupi 7 mwa 10 alionse anafuna kupitiriza.

Komabe walira mvula walira matope. Kapu imafuna ndalama yambiri tsiku logula. Imafuna manja osamba ndi sopo nthawi iliyonse poigwira. Imafuna kuphunzira, ndipo ambiri amaizolowera pakapita miyezi iwiri kapena itatu, makamaka ngati pali mnzawo kapena namwino wowalangiza. Mayi amene wangobereka kumene asaigwiritse ntchito mpaka achipatala atamuuza kuti wachira. Amene ali ndi lupu ayambe wafunsa kuchipatala.

Pali mafunso awiri amene amayi amafunsa kawirikawiri. Loyamba: kodi kapu singasowere m'mimba? Ayi. Njira yoberekera imathera pa khomo la chiberekero, ndipo khomolo ndi laling'ono kwambiri moti kapu singadutse. Lachiwiri: nanga kwa mtsikana amene sanakwatiwe? Unamwali wa mtsikana sutha chifukwa cha chiwiya cha ukhondo. Komabe tikudziwa kuti makolo ambiri ali ndi nkhawa pamenepa, ndipo atsikana ena aang'ono amaopa. Pasakhale kukakamiza. Mtsikana, mayi ake ndi namwino akambirane. Ngati mtima sunakhazikike, ayambe ndi padi wochapa.

5. Zotaya

Mapadi otaya ali ndi malo ake. Taganizani za mayi amene ali pa ulendo wa basi wa tsiku lonse, kapena amene akudikirira wodwala kuchipatala. Kumbukirani namondwe wa Freddy m'mwezi wa March 2023, pamene anthu zikwizikwi a m'chigawo cha kum'mwera anakhala m'misasa, m'makalasi ndi m'matchalitchi. Pamalo otere madzi oyera amasowa, pobisala posintha palibe, ndipo poyanika palibe. Pamenepo padi wotaya amathandiza. Mayi akhoza kugwiritsa ntchito zochapa masiku ambiri nkusunga paketi imodzi ya zotaya kuti ithandize pa tsiku lovuta. Ameneyo wachepetsa kale zinyalala ndi ndalama zomwe.

Kulinso timathonje tolowetsa m'kati, totchedwa tampon, timene timapezeka m'masitolo a m'tauni. Nato ntotaya. Tisakhale m'thupi kupitirira maola 8. M'chaka cha 1980 ku America amayi ambiri anadwala ndipo ena anamwalira ndi matenda obwera chifukwa cha poizoni wa tizilombo, ndipo zinapezeka kuti matendawo amagwirizana ndi timathonje tomwa kwambiri. Matendawa sachitika kawirikawiri, koma ndi oopsa. Mayi amene wavala tampon kapena kapu akangoyamba kutentha thupi mwadzidzidzi, kusanza, chizungulire kapena zidzolo, achotse msanga nkuthamangira kuchipatala.

Kasamalidwe ka zochapa

Apa ndiye pagona nkhani. Padi wochapa wosasamalidwa bwino ndi woipa kuposa wotaya. Tiyeni titsate ndondomeko iyi.

Choyamba, sinthani padi pakapita maola 4 mpaka 6, kapena msanga ngati wadzaza. Mukakhala kusukulu, kumunda kapena kumsika, pindani wogwiritsa ntchitoyo, mbali ya magazi ikhale m'kati, muike m'kathumba kosalowa madzi mpaka mukafike kunyumba.

Chachiwiri, yambani ndi madzi ozizira. Madzi otentha amaphika magazi, ndipo banga limakanirira pa nsalu. Viikani kwa kanthawi, tayani madziwo m'chimbudzi, kenaka chapani ndi sopo.

Chachitatu, tsukuluzani mpaka sopo yense atachoka. Sopo wotsalira amayabwa pakhungu.

Chachinayi, yanikani padzuwa ndi pamphepo mpaka padi aume kotheratu, m'kati momwe. Dzuwa limaumitsa ndiponso limathandiza kupha tizilombo. Amene akuchita manyazi afunditse kansalu kopyapyala pamwamba pake pachingwepo. Ngati pali simbi, sitani.

Chachisanu, sungani m'kathumba koyera pamalo ouma, kutali ndi mphemvu ndi makoswe.

Chachisanu ndi chimodzi, musabwerekane. Aliyense akhale ndi zake, ngakhale mayi ndi mwana wake, ngakhale pachibale.

Tionjezepo mawu amodzi a zaumoyo. Palibe chovala cha kumwezi chimene chimachiza matenda. Ngati msambo ukupitirira masiku 7, ngati padi akudzaza ola lililonse, ngati ululu ukukugonetsani pansi, ngati magazi akutuluka pakati pa mwezi, pambuyo pokhala malo amodzi ndi abambo, kapena mutasiya kale kusamba, pitani kuchipatala. Dziko lathu lili m'gulu la maiko amene khansa ya khomo la chiberekero ndi yochuluka kwambiri, ndipo kutaya magazi kosadziwika bwino ndi chimodzi mwa zizindikiro zake. Safunsa anadya phula.

Za mantha ndi manyazi

Tanena kuti nsalu iyanikidwe padzuwa. Tikudziwa zimene ena mukuganiza. Ambiri tinalangizidwa kuti nyanda isaonedwe ndi munthu, chifukwa wina akhoza kuitenga nkukachitira zamankhwala kuti mwini wake asadzabereke. Chifukwa cha mantha amenewa atsikana amachapa usiku nkubisa nsalu yonyowa, m'mawa nkuivalanso yosauma.

Alangizi athu, pano tikupempha nzeru zanu. Mwambo wa kudzisunga ndi kudzilemekeza ndi wabwino, ndipo sitikuti nsalu za kumwezi ziyanikidwe pamsewu. Koma chimene chimavulaza mwana tikuchidziwa: ndi nsalu yachinyezi pathupi. Kuseri kwa bafa kukhoza kumangidwa kampanda ka udzu kopanda denga, kokhala ndi chingwe chake, kumene dzuwa limafika koma maso a anthu safika. Ulemu wasungika, ukhondo wasungikanso. Polangiza namwali, phunziro la kuchapa ndi kuyanika likhale limodzi ndi malangizo enawo. Ndiponso mwana auzidwe za msambo usanamufike, kuti tsiku loyamba asaganize kuti wavulala kapena walodzedwa.

Mafunso anayi posankha

Mayi kapena mtsikana asanasankhe, adzifunse mafunso awa.

Kodi madzi ndimatunga kuti, ndipo alipo chaka chonse? Ngati mjigo uli pafupi, padi wochapa savuta. Ngati madzi ndi ogula pa ndowa, kapu imafuna ochepa.

Kodi ndili ndi poyanika pofika dzuwa? Amene amakhala m'nyumba za lendi zothithikana, kapena m'chipinda chogona atsikana ambiri, aganizire bwino funsoli.

Kodi tsiku langa limatha bwanji? Wogulitsa pamsika wopanda chimbudzi chabwino ndi wosiyana ndi amene amagwira ntchito pafupi ndi nyumba.

Kodi thupi langa ndi mtima wanga zikugwirizana nacho? Chimene chakomera mnzako mwina iwe sichikukomera. Yesani chimodzi kwa miyezi iwiri kapena itatu, muone.

Tichenjerenso ndi amalonda. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ena amagulitsa mapadi onunkhira kapena amene amati amachiza matenda a amayi. Zonunkhiritsa zimayabwa anthu ena, ndipo padi si mankhwala. Kapu igulidwe kapena kulandiridwa kumalo odziwika, kumene angakuuzeni kuti inapangidwa ndi chiyani ndi kukuphunzitsani kavalidwe kake.

Udindo wa aliyense

Abambo. Mwana wamkazi sangakuuzeni poyera chimene akufuna. Iye amangoti akufuna ndalama ya sopo. Musamufunse mafunso ambiri. Pokonza ndalama za mwezi, ikanipo sopo, mapanti ndi nsalu za amayi ndi ana aakazi, monga m'mene mumaikira feteleza. Konzani bafa, liikeni chitseko. Mangani kampanda koyanikira kaja. Kumene kulibe mayi pakhomo, pemphani azakhali kapena mlangizi kuti akhale pafupi ndi mwanayo.

Anyamata. Mukaona banga pa diresi la mnzanu m'kalasi, dziwani kuti mayi amene anakuberekani anadutsa momwemo. Kuseka kwanu kwa mphindi imodzi kukhoza kuchotsa mtsikana pa sukulu kwa sabata yathunthu. Khalani chete, kapena uzani mtsikana mnzake kuti amuthandize.

Makomiti a sukulu ndi aphunzitsi. Kuyambira 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere, atsikana ambiri akhala akufika makalasi a pamwamba ali otha msinkhu. Sukulu iwakonzekere. Pafunika chimbudzi cha atsikana chokhala ndi chitseko chotsekeka m'kati. Pafunika kachipinda kosinthira kokhala ndi ndowa ya madzi ndi sopo. Pafunika mphunzitsi wamkazi kapena mayi wa m'gulu la amayi amene atsikana akumudziwa, wosunga mapadi ndi chitenje chothandizira mwana amene msambo wamudzidzimutsa. Pa sukulu yogonera pompo pafunika malo oyanikira otchingidwa, ndi malo oyenera otayira zotaya kuti zisalowe m'chimbudzi. Kugawa mapadi ochapa pa sukulu yopanda madzi nkungotaya nsalu.

Magulu a amayi ndi miphakati. Mutu umodzi susenza denga. Gulu limodzi likhoza kusonkha ndalama, kugula nsalu yambiri pamodzi pamtengo wotsika, nkupatula tsiku limodzi pa mwezi losoka. Mabanki a m'mudzi akhoza kubwereketsa ndalama yogulira kapu kapena mapadi, munthu nkumabweza pang'onopang'ono ndi ndalama imene akadagulira zotaya. Posoka tikumbukire ana amasiye, atsikana olumala amene amafuna wowathandiza posintha, ndi amayi amene ali m'ndende ndi m'zipatala. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ife monga nzika. Nkhaniyi imafikanso kwa opanga malamulo. Dziko la Kenya linachotsa msonkho wa pa mapadi m'chaka cha 2004. Nyumba ya malamulo ya ku Scotland inavomereza m'chaka cha 2020 lamulo lakuti zovala za kumwezi zizipezeka mwaulere kwa aliyense wozifuna. Zimenezi zinatheka chifukwa anthu wamba analankhula mpaka atsogoleri anamva. Ifenso, khansala kapena phungu akabwera kudzafunsa za chitukuko, tisangotchula mlatho ndi msewu. Timufunse kuti ndi sukulu zingati m'dera lake zimene zili ndi madzi ndi chipinda chosinthira atsikana. Nkhaniyi ilowe m'mapulani a komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ilembedwe, ndipo chaka chikatha tifunse chimene chachitika.

Kuyambira 2014, tsiku la 28 May limakumbukiridwa m'maiko ambiri ngati tsiku la ukhondo wa msambo. Anasankha 28 chifukwa cha masiku a mwezi wa mayi, ndipo anasankha mwezi wachisanu chifukwa cha masiku 5 amene ambiri amasamba. Tsiku limeneli lingakhale mwayi wathu wokumana chaka ndi chaka nkuona pamene tafika.

Mawu otsiriza

Amayi ndi abambo, sitinabwere kudzagulitsa chinthu kapena kudzalamula munthu chovala. Tabwera kudzanena kuti njira zilipo zingapo, ndipo zochapa ndi kapu zimasiya ndalama m'nyumba ndi malo m'chimbudzi. Mayi ndi mtsikana asankhe mwaufulu, atamva zonse. Ife otsalafe tionetsetse kuti chimene wasankhacho akhoza kuchisunga choyera ndi chouma popanda mantha. Tikabwerera kwathu lero, aliyense ayang'ane bafa la pakhomo pake ndi chimbudzi cha atsikana cha pa sukulu yoyandikana nayo, aone chimene chikusowa.

Mafunso okambirana m'magulu

Amayi akhale paokha, abambo paokha, atsikana ndi alangizi awo, anyamata paokha. Pomaliza gulu lililonse lisankhe munthu mmodzi wofotokoza.

1. Kodi paketi ya mapadi ikugulidwa ndalama zingati kwathu kuno? Banja lokhala ndi amayi ndi atsikana atatu lingaononge zingati pa chaka?

2. Kodi mapadi otha ntchito amatayidwa kuti m'mudzi mwathu ndi pa sukulu yathu? Pakubwera mavuto otani?

3. Ndi miyambo iti yokhudza msambo imene imateteza mtsikana, ndipo ndi iti imene imamuika pa ngozi?

4. Mwa zinthu zinayi zija, madzi, sopo, dzuwa ndi malo oduka mphepo, ndi chiti chimene chikusowa kwambiri kwathu? Ndani angachikonze?

5. Kodi ndani m'dera lathu amene amadziwa kusoka ndipo angaphunzitse ena? Tiyamba liti?

6. Tikakumananso miyezi itatu ikubwerayi, tikufuna tidzanene kuti tachita chiyani?